Waya Amene Ndinadula kwa a Namakhwa

Sendezani mbaulayo pakati, anzanga, musaothe ngati makalawo munagula nokha. Poti magetsi atithawa ndipo palibe angagwire ntchito mpaka abwere, ndikuuzeni chifukwa chimene ndinakulandirani pulayazi dzana lija, a Mpoya, pamene munkafuna kudula waya wa m'nthaka pa pulagi ya ampulifaya yolira ya kasitomala wanu. Munandiyang'ana ngati ndazungulira mutu. Mwina ndinazunguliradi, koma mverani kaye.

Ndisanabwere kuno ku Lunzu ndinali ndi kashopu ku Bangwe, ndipo dzina la Finiyasi Nakhumwa linkamveka. Wailesi, kompyuta, pulinta, chilichonse cholowa pa soketi chinkandimvera. Ndinkadzitama kuti chimene ena akonza tsiku lonse, ine ndimachikonza tiyi asanazizire. Kudzitama kumeneko ndi kumene kunandifikitsa pano.

Kutchalitchi kwathu kwaya inali m'manja mwa Bambo Edimoni Namakhwa, mphunzitsi wopuma ntchito, munthu wa mawu akuya omveka mpaka m'mimba. Anali ndi kachitidwe kawo popereka kiyi. Sankawerenga kapena kukweza dzanja. Ankangotseka pakamwa n'kung'ung'uza, mmmm, ndipo sankaleka mpaka oyenera kuyamba atayamba. Mpweya anali nawo ngati mvuu. Ine ndinkaimba tena, ndipo matenda anga anali kuchedwa kulowa. Kiyi ikatalika kwambiri kwaya yonse inkatembenukira kwa ine, wina n'kunong'ona kuti, "Finiyasi, tikudikira iwe." Ndikangolowa, bambowo ankasiya kiyi ija nthawi yomweyo, nyimbo n'kuyenda.

Atapuma ntchito anagula kompyuta, mikisa, ampulifaya ndi masipika awiri kuti azijambula nyimbo za kwaya pabalaza pawo. Vuto linali limodzi. Akalumikiza kompyuta ku ampulifaya, masipika ankalira chapansipansi ngati muli njuchi, ndipo kulirako kunkalowa m'nyimbo zonse zojambulidwa. Loweruka lina anandiitana.

Inu mukudziwa njira yake yoyenera. Umazula chimodzichimodzi, kuyesa zingwe, kuika zida zonse pa soketi imodzi, kutsegula ampulifaya kuona ngati muli chotayikira. Ndi ntchito ya maola. Koma tsikulo kunali mpira kusitediyamu, ndipo anzanga anali atandisungira malo. Ndinatsegula pulagi ya ampulifaya, ndinaona waya wa m'nthaka uja, wobiriwira wamizere yachikasu, n'kumudula kachidutswa kotalika ngati chala, kamene ndinakaponya m'chikwama. Ndinatseka pulagi, n'kukulunga chingwecho ndi tepi yofiira monga ndinkachitira pa ntchito zanga zonse. Titayatsa, masipika anali zii.

"Finiyasi, manja akowa ndi odala," anatero bambowo akumwetulira.

Tsono mverani apa. Ndisanatuluke ndinakhudza bokosi la ampulifaya ndi tesita, mwachizolowezi chabe, ndipo kababu ka tesita kanayaka. Sikanayake kwambiri, koma kanayaka. Mwana wa sukulu ya zamagetsi wa chaka choyamba akanadziwa kuti m'katimo magetsi akutayikira pa chitsulo, ndipo waya amene akanawathawitsira m'nthaka ndi amene ndinali nditangodula. Ndinayang'ana wotchi. Mumtima ndinati ndidzabwera Lolemba. Lolemba silinandione, Lachiwiri silinandione.

Lachitatu m'mawa akazi awo, Mayi Esinala Namakhwa, anakolopa pabalaza. Pansi pake panali pa simenti. Bambowo anachokera kumunda wa kuseri, ndipo poti anali munthu wolemekeza ntchito ya akazi awo, anavula nsapato pakhomo kuti asadetse pamene pakolopedwa. Anayatsa zida, anatenga maikolofoni yachitsulo ija, n'kuiyandikiza kukamwa kuti ayese nyimbo yatsopano. Mayiwo ali kukhitchini anamva kiyi ikuyamba m'masipika, kenako chinthu cholemera chikugwa. Pofika kuchipatala anali atazizira kale.

Uthenga utandipeza kushopu, sindinalire. Chinabwera m'mutu mwanga ndi pulagi. Ndikuchita manyazi kunena, koma ndi momwemo.

Mukudziwa kuti pamaliro katundu wa pabalaza amatulutsidwa kuti amayi apeze pokhala. Ine ndinathamangira kukadzipereka kuti zida za magetsi ndinyamule ndekha, poti ndine wozidziwa. Ndili kuchipinda chosungirako katundu ndinazula chingwe cha tepi yofiira chija, ndinaikapo china chabwinobwino, ndipo chakalecho pamodzi ndi kachidutswa ka waya ndinakaziponya m'chimbudzi chokumba cha kutchalitchi. Maliro atatha ndinatenga ampulifaya kushopu, ndinasintha chimene chinkataya magetsi, n'kuibweza osalipiritsa. Anthu anandiyamika. Abusa ananditchula paguwa ngati chitsanzo cha mnansi wabwino, ine nditakhala pa benchi yachitatu ndikugwedeza mutu modzichepetsa.

Malemuwo anali ndi mkulu wawo, a Bizaliyele Namakhwa, ochokera kumudzi ku Thyolo. Iwo sanakhutire. Anabweretsa wamagetsi wina kuti ayeze nyumba yonse. Munthuyo anayeza masoketi, anayeza zida, n'kunena zoona zimene anapeza, kuti palibe cholakwika paliponse. Akanapeza bwanji, ine nditasesa kale?

"Ndiye ngati magetsi alibe mlandu, mng'ono wanga wamupha ndani?" anafunsa a Bizaliyele pamaso pa abale. "Mlamu wangayu wakolopa momwemo wopanda nsapato, sanafe. Mwamuna wake wangopondamo, wafa. Magetsi anayamba liti kusankha anthu? Madzi amenewo munali chiyani?"

Mawu amenewo anayenda Bangwe yonse. Azimayi anasiya kukagula zitumbuwa za Mayi Namakhwa. Kutchalitchi benchi imene ankakhala inkatsala ndi malo mbali zonse ziwiri. Abale anagwirizana kuti chaka chikatha, chiliza chikaululidwa, mayiwo adzasudzulidwe n'kuchoka panyumbapo ndi zovala zawo ndi miphika basi. Nyumba imeneyo anaumba okha njerwa zake ndi amuna awo, ndipo kwawo ku Phalombe analibenso munda kapena mbale wowalandira. Ine ndinkadziwa zonsezi. Mwezi uliwonse ndinkapita kukawaona, ankandiphikira tiyi, ndinkamwa, ndinkawauza kuti alimbe mtima Mulungu akuona. Mulungu ankaonadi.

Zachilendo zinayamba kutatsala mwezi kuti chiliza chiululidwe. Tsiku lina ndikufuna cholembera m'thumba la malaya, ndinatulutsa kachidutswa ka waya wobiriwira kotalika ngati chala. Wokonza mawailesi kupeza waya m'thumba si nkhani. Ndinakataya m'ngalande. Patapita masiku atatu mkazi wanga Elube anandiitana ali ndi chitini cha shuga m'manja.

"Bambo a Lusi, mwayamba kusunga mawaya mu shuga?"

Ndinakatenga n'kukayang'anitsitsa. Pulayazi yanga ili ndi kadzino kothyoka, ndipo imasiya kachizindikiro pa chilichonse chimene yadula. Chizindikirocho chinalipo. Kawayako kanali konyowa, pamene shuga yense anali wouma. Ndinakaponya pamoto, ndinaona kakupsa, ndipo Lamulungu ndinakapeza m'buku langa la nyimbo.

Lolemba la sabata ya chiliza, foni inalira. Anali Mayi Namakhwa.

"A Nakhumwa, pepani kukuvutitsani. Ndimafuna kusindikiza mapulogalamu a Loweruka, komanso anthu adzamve nyimbo zimene bambo anajambula. Koma zida zija zayamba kuvuta. Masipika akulira, kompyuta sikumvera. Mungabwere?"

Ndikanakana bwanji, ine mnansi wabwino wotchulidwa paguwa? Ndinanyamula chikwama.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lili paliwombo, fumbi lofika m'mawondo. Nditatsika minibasi ndinayamba kukwera kamsewu ka paphiri kopita kwawo. Patsogolo panga, mtunda woti ukhoza kuponya mwala, pankayenda bambo wina wa buluku lakuda lositidwa bwino ndi malaya oyera. Ankayenda mosafulumira, manja kumbuyo. Ndinaona kuti alibe nsapato, ndipo ndinadabwa kuti munthu wovala bwino chotero akuponda bwanji dothi lotentha ngati chiwaya. Kenako ndinayang'ana pansi. Mapazi ake ankasiya zidindo zonyowa pafumbi, zala zonse zisanu zikuoneka, ndipo zinkauma ine ndikufika.

Ndinachepetsa liwiro, iyenso anachepetsa. Ndinaima ngati ndikumanga chingwe cha nsapato, ndipo nditadzuka mtunda pakati pathu unali womwewo. Nkhope yake sindinaione, ndipo ndisakunamizeni, sindinafune kuiona. Anakhota pa kanjira ka kwa a Namakhwa. Ine pokhota ndinapeza nkhuku ziwiri zikusamba fumbi ndi geti lotseka.

Mayiwo anandilandira pakhonde. Anali ataonda, mpango wakuda uli kumutu. Pabalaza panali posesedwa, koma simenti inali yotuwa, fumbi litamatirira m'makona ndi pansi pa mipando. Ndinali nditaliona fumbi limenelo miyezi yonseyi, osafunsa chifukwa chake.

Kulira kwa masipika ndinakumva ndisanakhale pansi. Sikunali kwakukulu. Kunali chapansi, kosadukiza, kumveka m'mano kuposa m'makutu.

"Onaninso izi," anatero mayiwo akuloza kompyuta.

Mausi inali patebulo, palibe woigwira, koma kamuvi ka pa sikirini kankatsetsereka pang'onopang'ono kupita pansi. Ndinakakwezera m'mwamba, ndipo nditachotsa dzanja kanayambanso kutsika mpaka kukagunda pansi penipeni. Pa tsamba la pulogalamu, pamene panayenera kulembedwa dzina la wotsogolera nyimbo, kiyibodi inali itadzaza mizere itatu ya chilembo chimodzi chokha, mmmmmm.

"Zimachitika izi, Mayi," ndinatero ndi mawu a munthu wodziwa ntchito. "Pali chinthu chikusokoneza magetsi m'nyumba muno. Tichipeza."

Tsiku limenelo ndinagwira ntchito monga ndinayenera kugwirira chaka chapitacho. Ndinazula filiji, kulira kunalipo. Ndinazula chaja cha foni, chimene nthawi zambiri ndicho mfiti ya m'nyumba, kulira kunalipo. Ndinazimitsa mababu onse. Ndinasiyanitsa zingwe za mawu ndi zingwe za magetsi, ndinasintha mausi ndi kiyibodi n'kuika zanga za m'chikwama, ndipo kamuvi kanapitiriza ulendo wake wopita pansi. Ndinatuluka panja kukayang'ana chitsulo chokhomedwa m'nthaka kuseri kwa nyumba, chinali cholimba. Ndinayeza soketi iliyonse ndi mita, zonse zinali bwino. Thukuta linkatsika mpaka m'nsapato.

Ndili pakati pa zimenezi pulinta inadzidzimuka yokha, inakoka pepala, n'kulitulutsa lopanda cholembedwa chilichonse. Nditaligwira linali lonyowa ngati lagwera m'ndowa. Ndinalipinda msanga n'kuliika m'thumba mayiwo asanaone.

Chinatsala chinthu chimodzi. Ndinapita pa bokosi la magetsi pakhonde n'kuzimitsa nyumba yonse. Sikirini inada, timababu ta pa mikisa tinazima. Ndinabwerera pabalaza, ndipo masipika anali akulirabe.

Anzanga, inu ndinu amisiri. Sipika yopanda magetsi ndi pepala ndi maginito basi. Ndinagwada kuseri kwa ampulifaya kuti ndizule chingwe chake. Chingwe chimene ndinagwira sichinali chimene ndinaikapo tsiku la maliro. Chinali chozizira, chonyowa, chokulungidwa ndi tepi yofiira. Fungo lake linali la kumene ndinachitaya.

Ndinachizula n'kuchikankhira m'chikwama ngati wakuba. Kulira sikunasinthe ngakhale pang'ono.

"A Nakhumwa," anatero mayiwo kumbuyo kwanga, motsitsa mawu. "Siyani kudzivutitsa. Inu munkaimba nawo zaka zonsezi. Simukuzindikira?"

Ndinali nditazindikira kuyambira pakhonde. Magetsi akamalira m'sipika amalira mowuma, mofanana, alibe chifuwa. Uku kunali ndi chifuwa.

"Ndi kiyi," anapitiriza. "Ndi ya nyimbo imene ankayesa m'mawa uja. Ndipo mukudziwa kuti bambo akapereka kiyi saleka mpaka woyamba ayambe. Akudikira ine."

"Akudikira inu kuti mutani, Mayi?"

"Kuti ndivomere. Za mankhwala zimene akunena alamu anga n'zabodza, ine sindidziwa khomo la sing'anga. Koma amene anathira madzi pansi apa ndine. Anavula nsapato chifukwa cha ine, poti ndinkawakalipira akalowa ndi matope. Ndikanapanda kukolopa m'mawa umenewo bwenzi alipo. Loweruka alamu akandifunsa sinditsutsa chilichonse. Ndidzanena kuti ndinawapha ndine, ndiwapatse makiyi a nyumba, mwina bambo apumula."

Apo ndiye panali pamalo pake. Tinali awiri, chingwe chili m'chikwama changa, mawu anayi okha akanakwana. Ndinatsegula pakamwa, ndipo mukudziwa chimene chinatuluka?

"Ayi Mayi, musadzizunze. Ndi nsanja ya mafoni yatsopano ija. Mafunde ake amalowa m'masipika."

Anandiyang'ana mwachifundo, ngati akumvera chisoni munthu wabwino amene akuyesa kuwatonthoza. Anandifunsanso ngati ndimwe tiyi. Ndinakana, ndipo ndinatsika phiri lija osayang'ana pansi kuopa zidindo.

Kuyambira tsiku limenelo kiyi inanditsatira. Kushopu wailesi iliyonse imene ndatsegula inkang'ung'uza, mwini wake akaitenga n'kufika nayo pamsewu inkaimba bwinobwino. Ndikaimba foni, mnzanga ankafunsa kuti ndaima pafupi ndi chigayo kapena. Lachinayi masana Elube anazimitsa wailesi yathu ya pakhitchini, anachotsamo mabatire, n'kuiika panja pa dzuwa. Anabwerera akupukuta manja pa chitenje.

"Bambo a Lusi, wailesi ilibe mabatire koma ikulira. Inu simukudya, simukuyankhula. Mwatenga chiyani kwa anthu?"

"Palibe."

"Mlandu suola, bambo. Ngati pali chimene mwakwirira, kafukuleni nokha chisanafukulidwe ndi agalu."

Chingwe chija ndinayesa kuchitayanso. Lachisanu ndinachikulunga m'pepala la pulasitiki ndi mwala n'kuchiponya mumtsinje. Loweruka m'mawa ndikuvala jekete la kwaya, ndinamva kulemera m'thumba lamkati, ndipo malaya ananyowa pachifuwa. Sindinachitulutse. Ndinangomanga mabatani.

Kumanda zonse zinayenda bwino. Nsalu inachotsedwa pachiliza, abusa anapemphera, tinaimba nyimbo ziwiri motsogozedwa ndi mnyamata amene analowa m'malo mwa malemu. Kenako tinabwerera kunyumba kukadya ndi kukamva za banja. Masipika anali atatulutsidwa pakhonde kuti timve nyimbo zojambulidwa, koma magetsi anali atazima dera lonse kuyambira m'mawa, ndiye anangoima pamenepo ngati alendo osaitanidwa, zingwe zawo zitakulungidwa pamwamba.

Anthu atadya, a Bizaliyele anaimirira pakati pa bwalo. Anathokoza mpingo, anathokoza anansi, ananditchulanso ine ndi dzina kuti ndathandiza banja popanda kuwerengera. Kenako anatembenukira kumene kunakhala amayi.

"Mlamu, chaka chatha. Lero tikumasulani. Koma musanapite, abale akufuna amve pakamwa panu chimene chinachitika m'nyumba umu."

Mayi Namakhwa anadzuka pamphasa, anayenda mpaka pakati, n'kugwada pafumbi. M'dzanja anali atafumbata makiyi omangidwa pa kansalu. Ine ndinali pa benchi ya a kwaya, maso ali pa nsapato zanga, ndikudziuza kuti pakangotha mphindi zisanu zonse zitha ndipo sindidzakweranso phiri limeneli.

Mayiwo asanatsegule pakamwa, masipika anayamba.

Sikunali chapansipansi ngati Lolemba. Kunadzaza bwalo lonse, mbale za pa tebulo zinanjenjemera, galu wa panyumbapo analowa pansi pa galimoto ya abusa. Amayi ena anagwirana manja. Mwana amene ankalira kumsana analeka. A Bizaliyele anayang'ana masipika, anayang'ana zingwe zokulungidwa zija.

Chimene chinachitika pambuyo pake palibe anachipangana. Anthu a kwaya, makumi awiri ndi mphambu, tinaimirira tonse pamodzi. Miyendo inangodzuka yokha. Zaka khumi ndi zisanu munthu akukupatsa kiyi imeneyo, thupi limadziwa chochita mutu usanaganize. Tinakoka mpweya n'kudikira. Palibe ankadziwa nyimbo yake, poti malemu anapita nayo asanatiphunzitse. Kiyi inapitirira, inatalika kupyola mpweya wa munthu aliyense wamoyo. A soprano anayang'ana a alto, a alto anayang'ana a besi. Kenako, monga ankachitira masiku onse kiyi ikatalika, mmodzimmodzi anatembenukira kwa ine.

Mayi Chimtengo, gogo wa alto amene ankaima pambali panga, ananong'ona osandiyang'ana n'komwe. Pambuyo pake analumbira kuti mawuwo anangotuluka mwachizolowezi.

"Finiyasi, tikudikira iwe."

Ndinatuluka pa benchi. Sindikumbuka kuyenda kwake, ndimangokumbuka kuti ndinapezeka nditagwada pafumbi pafupi ndi mayiwo, chingwe cha tepi yofiira chili m'manja, madzi akudontha.

"Mayi, dzukani," ndinatero. "Anapha Bambo Namakhwa ndine."

Nditangotero kiyi inaleka, monga ankachitira mwini wake munthu akalowa. Bwalo linakhala chete mpaka ndinkamva nkhunda padenga.

Ndinanena zonse. Ndinatsegula pulagi ndi sikuludalaiva pamaso pawo n'kuwaonetsa pamene panadulidwa. Ndinanena za tesita imene inayaka, za mpira, za Lolemba limene sindinabwere, za chimbudzi cha kutchalitchi, za ampulifaya imene ndinakonza ulere kuti ndifafanize mapazi anga. Wamagetsi amene anayeza nyumba uja analipo pamwambowo, ndipo anatenga pulagi ija, anaiyang'ana, n'kuuza anthu kuti waya ameneyo akanakhalapo fyuzi ikanapsa munthu asanagwire kanthu, kaya pansi panyowa kaya pauma. A Bizaliyele anakhala pansi pang'onopang'ono ngati munthu wodwala msana. Kenako anati, osakweza mutu, "Mlamu, makiyiwo sungani."

Zimene zinatsatira n'zambiri. Ndinagona masiku angapo kupolisi, mpingo unandiimika, ndipo Bangwe yonse inasiya kundibweretsera ngakhale tochi. Nchifukwa chake mukundiona kuno. Zonsezo ndinaziyenera ndipo sizindipweteka. Chimene chimandipweteka ndi chimene ananena mayiwo tsiku lomwelo, tikadali pafumbi.

Sanalire, sananditukwane. Anandiyang'ana, n'kuyankhula motsitsa kuti ndimve ndekha.

"A Nakhumwa, mwezi ndi mwezi mumabwera muno, ndikukuphikirani tiyi. Mumaona fumbi lili pansi. Mumaganiza kuti ndayamba ulesi? Chaka chathunthu sindinagwire chokolopera. Ndikangoona ndowa ya madzi ndimaona mapazi awo. Usiku uliwonse ndawapepesa amuna anga pa mlandu wanu, inu mukudziwa."



Anadzuka, anakuntha fumbi pa chitenje, n'kulowa m'nyumba anthu onse akuyang'ana. Tinamva mpopi ukutseguka kuseri. Anatulukira ndi ndowa ndi chiguduli, anavula nsapato pakhomo, anagwada pabalaza paja n'kuyamba kukolopa kuchokera pakona pamene pankakhala ampulifaya. Palibe anayerekeza kuwathandiza kapena kuwaletsa. Pamene anthu ankanditsitsa phiri lija kupita nane kupolisi, ndinkamvabe chiguduli chikufinyidwa m'ndowa.

Kiyi ija sindinaimvenso, ndipo kawaya sikanabwerenso mu shuga. Koma ndikamva munthu akufinya chiguduli, ngakhale kuno kumsika, manja anga amaleka ntchito.

Onani, babu layaka, magetsi abwera. A Mpoya, pulayazi yanu iyi. Bweretsani ampulifaya ya kasitomala wanu ija patebulo langa, ndipo muuzeni abwere mawa, osati lero. Tiyamba ndi kuzula chimodzichimodzi, kuyambira filiji ya muno.